Mmene Tinayezera Ambulansi pa Sikelo ya Nandolo

Ana anga, za ubwana wanga ndazidumpha dala. Munthu amene sukulu inamuthera mu Sitandade 6 alibe zambiri zoti alembe, kupatula kuti aphunzitsi anayamba kunenepa iye atachoka. Ndiyambira pa ntchito yanga yoyamba yolembedwa, chifukwa nkhani ija mumaimva mwa zidutswa, yoti bambo anu anaimitsidwapo ntchito chifukwa cha matayala, inachitikira kumeneko. Ndi bwino muimve kwa mwini wake.

1994

Ndinafika ku Phalombe chaka chomwe tinachita chisankho choyamba cha zipani zambiri. Umakaniko ndinali nditauphunzira ku Limbe, pansi pa mtengo, kwa anthu amene ankaphunzitsa ndi mawu ochepa ndi makofi ambiri. Mpingo wathu unali ndi tizipatala m'derali, kena m'munsi mwa phiri, kena ku Kaduya, kena kufupi ndi Nyanja ya Chilwa, ndipo unkafuna munthu wosamalira magalimoto. Ndikati magalimoto musaganize za bwalo lodzaza. Anali awiri, mapikapu a mtundu umodzi, amene anabwera tsiku limodzi ngati mphatso yochokera kunja. Imodzi anaiika denga ndi machira nkukhala ambulansi, inayo inali ya ofesi.

Bwana wanga anali mayi Nachuma, woyang'anira tizipatala tonseto. Anali munthu wamfupi, wosakweza mawu, ndipo akakhala chete ndi pamene umayenera kuyamba kuopa. Pondiyesa ntchito anandifunsa ngati ndimamwa, kenaka analoza pepala lomwe linkasuzumira m'thumba langa. Linali tsamba la magazini ya Chingerezi yonena za magalimoto, lomwe wina anandikulungira zitumbuwa. Ndinali ndi katoni yathunthu ya masamba otere, ambiri a madontho a mafuta, ndipo ndinkawawerenga ndi dikishonale yothothoka masamba akumapeto, moti mawu a Chingerezi a kumathero kwa alifabeti ndimawadziwa mongoganizira mpaka lero. Iwo anati munthu wowerenga zokulungira zitumbuwa angathenso kuwerenga malamulo a ntchito, ndipo anandilemba.

Dalaivala wa ambulansi anali a Mukhova, wamkulu kwa ine, wobadwira kunyanja komweko kwa makolo ochokera ku Mozambique. Chichewa chawo chinkayimba Chilomwe, ndipo galimoto ikatitimira ankaikalipira m'Chilomwe chenicheni, akuti imamva msanga. Ine ankanditcha aphunzitsi pofuna kundiseka ndi mapepala anga, ine ndinkawatcha alamu poti amayi anu ndi a kwawo komweko. Iwowa anali ndi kachitidwe kamene madalaivala onse a mbali ya Chilwa amakadziwa. Akafika pomwe msewu ukulowa m'dambo, ankatsika, nkutenga kamtengo ka machesi, nkuchotsa mpweya m'matayala mpaka atatambalala pansi ngati phazi la bakha. Tayala lotero limayandama pa matope pomwe lolimba limakumba. Amayi ambiri a kumadimba a mpunga anafika kuchipatala nthawi yabwino chifukwa cha kamtengo kameneko. Vuto linali pobwerera. Pampu yathu inali yopondera ndi mwendo, ndipo a Mukhova ankati mwendo wawo analembedwa nawo ntchito yoponda mafuta, osati pampu. Choncho ambulansi inkayenda ndi matayala ofewa paliponse, ndipo ankadyeka m'mbali msanga.

Pofika cha m'ma 1996 thandizo lakunja linachepa. Matayala a ambulansi tinayamba kugula akale, osiyana misinkhu, ndipo ndinkawaika zigamba mkati zodula ku matayala ena akufa. Atsopano atabwera kamodzi, anapita ku galimoto ya ofesi, pa chifukwa chomveka: ndi imene inkapita ku Blantyre kukatenga mankhwala ndi malipiro athu. Tsono panali lamulo lochokera ku likulu la mpingo. Tayala lililonse linali ndi nambala yake, yolembedwa pamodzi ndi galimoto yake, ndipo wosuntha tayala kuchoka pa galimoto ina kupita pa ina popanda chilolezo cha ku likulu ankachotsedwa ntchito. Lamuloli silinali lopusa. Kwina madalaivala anali atagulitsa matayala atsopano nkuvekapo nsanza.

Okutobala 1997

A ku likulu anaona kuti ambulansi ikumwa dizilo wambiri ndipo ikuchedwa m'njira. Analamula kuti ikayesedwe mphamvu pa galaja ina yaikulu ku Blantyre, ndipo ikalephera, aichotse nkuigulitsa. Ina idzabwera ikapezeka. Mawu akuti ikapezeka tinkawadziwa tonse tanthauzo lake. Mvula inali pafupi, ndipo popanda ambulansi mayi wovutika pobereka kunyanja ankayenera kumangidwa pa njinga kapena kunyamulidwa pa chitseko.

Tinapita ine ndi a Mukhova, titachokera kunyanja dzulo lake. Makina ake ndinali nditawaona pa zithunzi zokha. Pansi pa galaja anakumba dzenje, muli zitsulo zozungulira ngati migolo yogonekedwa, zomwe amati marola. Galimoto imakwera ndi matayala akumbuyo pamenepo, amaimanga ndi matcheni, ndipo imathamanga ili pamalo amodzi, makina akuwerenga mphamvu imene ikufika pa marolawo. Mkulu wa makinawo anali a Gondwe, injiniya wophunzira bwino, wofatsa. Anaithamangitsa. Matayala analira ngati mwana wa mbuzi, fungo la mphira linadzaza m'galajamo, ndipo muvi unakwera pang'ono nkuima pamalo ochititsa manyazi. A Gondwe anatsika, anagwira tayala, anabweza dzanja msanga poti linali lotentha, ndipo anafunsa kuti ndani amayenda ndi matayala opanda mpweya chonchi. A Mukhova anayang'ana kudenga. Tinapopa kuti tiyesenso, koma tayala lakumanzere litangolimba, pomwe panali chigamba changa panatupa ngati chithupsa. A Gondwe anakana kulithamangitsa, ndipo sindinawatsutse, chifukwa likanaphulika likanapweteka munthu.

Ndinawachonderera kuti alembe kuti vuto ndi matayala. Anandiyankha mwaulemu kuti angalembe kuti matayala ndi oipa, koma sangalembe kuti injini ili bwino, chifukwa sakudziwa.

“Makina angawa amamva zimene tayala lawauza,” anatero. “Tayala likamaterereka kapena kupindika, mphamvu imathera momwemo. Koma mwinanso injini yanu yathadi. Pamenepa sindingasiyanitse.”

Ndinawauza, mwamanyazi pang'ono, kuti ndinawerengapo za makina ena amene amachotsa matayala nkumanga pa habu penipeni, pomwe pamakhala mabawuti a wilo. Anati alipodi, iwo sanawagwirepo, ndipo sankadziwa aliyense m'dziko muno amene anali nawo. Anandifotokozera kusiyana kwake bwino kuposa pepala langa la zitumbuwa. Marola ndi achangu, galimoto imangokwera, ndipo amaonetsa galimoto monga iliri pa msewu, ndi matayala ake omwe. Koma ukasintha mpweya, kapena ukamanga matcheni mothina kuposa dzulo, yankho limasintha. A pa habu ndi ochedwetsa, poti uyenera kukweza galimoto ndi kumasula mawilo, koma palibe choterereka, ndipo ukayesa lero ndi mawa yankho limafanana. Kenaka, mwina pondimvera chisoni, anajambula pa katoni mmene akale ankayesera injini kusanabwere makina amagetsi: chitsulo chozungulira, matabwa ochifinya ngati buleki, mkono wautali, ndi sikelo kumapeto kwa mkonowo. Injini yamphamvu imakoka sikelo kwambiri. Basi.

Njira yonse yobwerera a Mukhova ankalumbira kuti galimoto yawo ili bwino. Ine sindinalumbire. Chimene chinkandivuta ndi chakuti mwina a ku likulu ankanena zoona. Kumenyera galimoto yakufa, nkudzafera m'dambo muli mayi m'machira, kunali koipa kuposa kukhala opanda galimoto, chifukwa anthu akadziwa kuti kulibe ambulansi amanyamuka ndi njinga msanga. Ndinkafuna kudziwa, ndipo ndinatsimikiza mtima kuti sindilola kuti aitenge kapena kuisiya ndisanadziwe.

Ndinatenga limu lakale lopanda tayala, nkulimanga pa habu ya ambulansi yakumbuyo kumanja. Matabwa ndinadula a bulugamu, mabawuti aatali ndinachotsa ku ngolo yakufa, mkono unali mpaipi wa mjigo wowonongeka. Sikelo ndinakabwereka kwa wogula nandolo ku Migowi, ija yokoleka pa mtengo. Mwini wake anandifunsa ngati ambulansi ikugulitsidwa pa kilo. A Mukhova anati sikelo ya wogula nandolo sinanenepo zoona chibadwire, ndipo ndinawayankha kuti ikanama, inamiza magalimoto onse awiri mofanana. Pajatu nzeru yanga inali yoyesa galimoto ya ofesi, imene tonse tinkadziwa kuti ili bwino, kenaka ambulansi, nkufananiza.

Kuyesa koyamba ndimakukumbukira ndi manyazi okoma. Ndinakweza mbali imodzi yokha pa zipika, wilo linalo ndinalisiya pansi. A Mukhova analowetsa giya, limu linazungulira bwino, ine ndinayamba kumanga matabwa ndikudzimva ngati mzungu wa pa chithunzi. Nditangofinya kwambiri, wilo la pansi lija linagwira, galimoto inatsika pa zipika, inayenda yokhotakhota ndi miyendo itatu, nkukagumula thandala lomwe odikirira odwala ankayanikapo mbale. Palibe anavulala, koma mbale zinamveka mpaka kumsika. A Mukhova anatulutsa mutu pawindo nkufunsa ngati tsamba lonena zimenezi linapita ndi zitumbuwa. Nditawaimbira a Gondwe pa foni ya ku positi, anaseka mpaka kutsokomola. Anandikumbutsa chinthu chimene ndinkachidziwa ndi manja koma mutu unaiwala: difu, chitsulo chija cha pakati pa mawilo akumbuyo, imagawa mphamvu mofanana mbali zonse ziwiri, choncho ukagwira mbali imodzi, inayo imakankha. Ndi chifukwa chake makina a pa habu amakhala awiriawiri. Anawonjezera kuti ndiike madzi ambiri pafupi, ndipo ndisamawatchule dzina lawo zikavuta.

Ndinapanga chofinyira chachiwiri cha mbali inayo, ndinabwereka sikelo ina, ndipo ndinakapempha mayi Nachuma galimoto ya ofesi kwa mmawa umodzi. Anandifunsa ngati thandala ndamanganso. Nditati inde, anavomera, koma anati adzakhalapo iwo eni.

Mmawa umenewo ndinakweza magalimoto onse awiri pa zipika, kutsogolo ndinatsekera ndi miyala, mawilo akumbuyo ndinawagoneka pa udzu. Tinayamba ndi ya ofesi. A Mukhova anaika giya yomaliza nkuponda mafuta mpaka pansi, ine ndikuthamanga uku ndi uku kumanga mabawuti mpaka muvi wa liwiro utaima pomwe tinaika chizindikiro cha choko. Amayi odikirira odwala, omwe aja ndinawaphwanyira mbale, ankathira madzi pa malimu ndi ndowa. Nthunzi, utsi wa bulugamu, phokoso, zonse pamodzi. Namwino wina ankawerenga sikelo yakumanzere, mayi Nachuma yakumanja, atatseka mphuno ndi mpango. Musadzayesere zimenezi, ana anga. Ndinali ndi mwayi kuposa nzeru. Kenaka tinasamutsira zonse ku ambulansi. Pomanga mabawuti ulendo umenewu ndinali nditadziuza kuti muvi wa sikelo ukatsika kwambiri, ndikanena ndekha kuti aitenge. Muvi unakwera, unagwedezeka, unaima pansi pang'ono pa pomwe unaima wa ya ofesi, kusiyana kwake ngati kunenepa kwa chala. Tinasinthanitsa masikelo nkubwereza, ndipo zinatuluka chimodzimodzi. Injini inali yotopa monga munthu wogwira ntchito amatopera, koma sinali yakufa.

A Mukhova anazimitsa injini nkuyamba kuyimba nyimbo ya kwawo. Mayi Nachuma sanasekere. Anandiitanira pambali pa mtengo, nkundiuza kuti akhulupirira zimene aona, koma ku likulu sangamve za sikelo ya nandolo. Amafuna yankho la marola, ndipo pa marola ambulansi singakwere ndi matayala amenewo. Ndinaloza matayala a galimoto yawo ali pa udzu. Anapukusa mutu. Anati chilolezo anapempha kale pa foni ndipo anawayankha kuti komiti idzakambirana ikadzakumana mu Januwale, pomwe ambulansi ankabwera kudzaitenga sabata yotsatira. Anandikumbutsanso kuti mankhwala sabwera okha kuchokera ku Blantyre.

“Ine sindingakuuzeni kuti muchite,” anatero. “Ndipo mukachita, ndilemba. Sindinama kuti sindinaone.”

“Ndamva, mayi.”

“Muli ndi ana angati paja?”

“Anayi, wachisanu ali m'njira.”

“Ndiye ganizani ngati bambo.” Atatero analowa mu ofesi.

Ndinakhala pa chipika dzuwa likukwera. Ndinaganizadi ngati bambo. Ndinaganiza za inu, za ufa, za kubwerera pansi pa mtengo ku Limbe ndili ndi imvi zoyamba. Koma wachisanu amene anali m'njirayo ndiwe Tereza, ndipo amayi ako anali atanena kale kuti akachirira kwa amayi awo kunyanja. Sindinganame kuti ndinkaganizira amayi onse a m'madimba mofanana. Ndinayamba ndi mmodzi, enawo anabwera pambuyo pake. A Mukhova anabwera nkunena motsitsa mawu kuti tisinthe mwakachetechete, tikayese, tibweze, palibe adzadziwe. Ndinakana. Kubweza kukanatanthauza kuti ambulansi yapambana mayeso ndi nsapato zobwereka nkubwerera m'dambo ndi zigamba zanga zomwe zija, ndipo tsiku lina chithupsa chija chikanaphulika muli munthu. Ndinawauza kuti apite akamwe tiyi kuti dzina lawo lisalowemo. Ndinagubuduza matayala a ofesi limodzilimodzi, akumbuyo ndi akutsogolo omwe, kudutsa pa windo la mayi Nachuma, masana, ndikuimba mluzu kuti asadzati ndinabisa. Nditamanga bawuti yomaliza ndinakagogoda nkuwauza kuti ndachita. Anali atayamba kale kulemba.

Mawa lake tinapita ku Blantyre, matayala nditawapopa ndekha ndi mwendo wanga. A Gondwe anayang'ana matayalawo, anandiyang'ana ine, nkuikweza pa marola. Ulendo uno panalibe kulira kapena fungo la mphira. Muvi unakwera nkupitirira pomwe pankafunika, osati patali, koma unapitirira. Analemba zimene makina ananena, monga analembera poyamba paja.

Novembala 1997 mpaka Epulo 1998

Ambulansi inatsala. Ine ndinaitanidwa ku likulu, kumene abusa ndi akuluakulu ena anandifunsa ngati lamulo ndinkalidziwa. Ndinati ndinkalidziwa bwino, ndinaliwerenga kangapo. Wina anafuna ndichotsedwe kuti ena atengerepo phunziro, ndipo sindinganene kuti analakwa. Chimene chinandipulumutsa ndi chakuti mayi Nachuma analemba zonse, za mluzu zomwe, moti panalibe wonena kuti ndinaba. Anandiimitsa mwezi wathunthu wopanda malipiro, ndipo udindo wa ukapitawo wa magalaja onse a mpingo, umene ankandiganizira, unapita kwa wina. Sunabwerenso. Za matayala anati akhale pomwe ali kufikira komiti itakumana, ndipo komitiyo itakumana inati akhale pomwe ali kufikira atapezeka ena.

Mwezi umene ndinaimitsidwawo tinadya makaka ndi nandolo mpaka inu akuluakulu munayamba kufunsa ngati nyama inaletsedwa ndi boma latsopano. Amayi anu sanandinyoze, komanso sanandiyamike. Anangoti tsiku lina ndikadzafuna kukhala wolungama ndidzayambe ndaona kaye m'nkhokwe. Mvula inabwera yambiri chaka chimenecho. Tereza unabadwira kunyanja bwinobwino, osafuna ambulansi nkomwe, ngati kuti unkafuna kundionetsa kuti ndinavutika chabe. Koma a Mukhova anatulutsa amayi ena m'madambo amenewo dzinja lonse, ndipo galimotoyo inagwira ntchito zaka zina zingapo isanagone.

Tsiku lomwe ndinabwerera ku ntchito ndinapeza galimoto ya ofesi ili pa zipika pomwe ndinaisiya, udzu utamera pansi pake. Matayala akale a ambulansi sakanatha kuifikitsa ku Blantyre, ndipo mayi Nachuma anakana kuti aikidwepo. Iwo anali ataima pakhonde ndi ambulera, nsapato zili m'manja, pafupi pawo pali makatoni opanda kanthu omangidwa ndi chingwe. Mwezi wonsewo anali akuyenda pa matola kukatenga mankhwala, kukhala pamwamba pa matumba a chinangwa, mvula ikuwathera pamsana. Ndinavula chipewa nkuyamba kukonza mawu opepesa amene ndinawaloweza m'njira.

“Mwabwera, a makaniko?” anatero. “Ambulansi ili kunyanja. Yanga mukuiona. Nyamulani makatoniwo, matola atisiya.”

Ndinawasenza. Ndinawasenzanso ulendo uliwonse, popita opanda kanthu, pobwera odzaza, mpaka matayala atsopano anafika mu Epulo.